Alendo Awiri kwa a Hara

Ethel ankapukuta makapu pakhonde la kuseri pamene anauza mwamuna wake kuti ku mapemphero a masana amenewo kubwera mlendo.

"Mlendo wake uti?" anafunsa Blackson Hara, atasenza benchi imene anakabwereka kwa aneba.

"Mayi Mvula. Aja amagulitsa tomato kunja kwa msika, pafupi ndi chigayo."

Blackson anatsitsa benchiyo pang'onopang'ono. Anayang'ana kumpanda wa udzu ngati kuli munthu akumvetsera, kenaka anatsitsa mawu.

"Mkazi wa mphunzitsi wa ku Champhira uja? NyaShaba, mwaganiza bwino koma?"

Pa Boma la Mzimba panalibe amene sankadziwa nkhani ya Yona Mvula, ngakhale panalibenso amene ankaitchula mokweza. Yona ankaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Champhira. Tsiku lina m'nyengo ya mvula kunafika galimoto, munatsika amuna osavala yunifolomu, ndipo anamutulutsa m'kalasi ana akuona, choko chili m'manja. Ena ankati anayankhula zonyoza boma pa maliro. Ena ankati mnzake wina anangomunenera chifukwa cha nsanje. Kumene anapita naye palibe amene anauzidwa. Mkazi wake, Scholastica, anamuchotsa m'nyumba ya sukulu. Kwawo ku Dedza sakanapita ndi ana, poti kuno ana ndi a kuchimuna, koma achibale a mwamuna nawonso ankaopa kumusunga. Choncho anabwera pa Boma, napeza kachipinda kuseri kwa msika.

"Ine ndine kalaliki wa boma," anatero Blackson. "Chakudya cha m'nyumba muno chimachokera kumeneko. Mawa wina akakanena kuti kwa Hara kumasonkhana a m'banja la oukira, ndidzayankha chiyani?"

"Mudzati timapemphera."

"Onena anzawo safunsa ngati Baibulo linali lotsegula."

Ethel anaika kapu pa thireyi. "Bambo a Dyness, ndakhala ndikugula tomato kwa mayi aja chiyambire kukolola, osawafunsa ngakhale za moyo. Lachisanu ndinangofunsa dzina la mwana amene amabereka kumsana, Kingstone uja. Anandiyang'ana ngati ndawamenya, kenaka misozi. Akuti chibwerereni pa Boma palibe amene anawafunsapo kanthu kupatula mtengo wa tomato. Ndiye ndikanangonyamula tomato wanga n'kumapita?"

Blackson anakhala pa benchi ija.

"Anakana kaye," anapitiriza Ethel. "Pomaliza anati abwera, koma ndisakawaimiritse pamaso pa anthu, ndiponso asakafunsidwe za bambo a kunyumba. Ndinalonjeza."

"Mwalonjeza inu. Nanga a Kamwendo alonjeza?"

Matthews Kamwendo, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Ntchisi, ndiye ankatsogolera mapempherowo. Anali munthu wa mtima wabwino ndi mawu aakulu, wozolowera kuyankhula ndi alimi pabwalo. Mlendo aliyense ankamuimiritsa kuti anene dzina, kwawo, mpingo wake ndi ntchito ya mwamuna kapena mkazi wake, ndipo kwa iye kumeneko ndiye kunali kulandira.

"Ndiwadikira pageti, ndiwanong'oneze asanalowe," anatero Ethel.

Scholastica anafika anthu ena asanayambe kubwera. Sanadzere kumaso kwa nyumba. Ethel anangomva odi wapansipansi kukhomo la khitchini, ndipo potsegula anamupeza ataima chammbali, atavala chitenje chochapa bwino koma chofwifwa, mwana ali kumsana.

"Lowani, mayi a Kingstone, mwachita bwino kufulumira. Mbatata izi zandichulukira, ndithandizeni kudula."

Anamupatsa mpeni ndi mbale, namuonetsa kampando. Anachita dala, kuti anthu akamafika amupeze ali kale m'nyumba, manja ali pa ntchito, osati akulowa pakhomo maso onse ali pa iye. Scholastica anadula mbatata zophikazo bwinobwino, tizidutswa tofanana. Pang'ono ndi pang'ono mapewa ake anamasuka.

"Ine nyimbo zanu sindizidziwa," anatero. "Ndinakulira ku Katolika."

"Muno muli a mipingo yosiyanasiyana. Ena amangotsegula pakamwa. Mukhala pafupi ndi ine, kukhomo la khitchini. Mwana akalira, kapena inu mukatopa, mungotuluka, palibe amene adabwe."

Anthu anayamba kufika: aphunzitsi, akazi a anthu ogwira ntchito ya matabwa ku Viphya, ndi anamwino awiri. Ambiri anali ochokera ku chigawo cha pakati ndi kumwera, n'chifukwa chake mapempherowo ankachitika m'Chichewa, nyimbo za Chitumbuka zikulowa apo ndi apo. Janeth, namwino wa komwe kuno, analowa m'khitchini kudzathandiza. Ataona amene akudula mbatata anaima, moni unamuthera pakamwa. Anakokera Ethel pakhonde.

"Mama, mukumanya kuti ni njani yura?" anafunsa m'Chitumbuka ngati Ethel akumudziwa mayiyo.

"Ndikudziwa. Ndawaitana ndine."

"Ndapota! Ife tili ndi ana, NyaShaba."

"Iwonso ali nawo. Tengani thireyi iyi mukaike patebulo."

Pamenepo belu la njinga linalira kumsewu, ndipo Ethel anathamangira kugeti. Matthews anali kutsika panjinga, koma sanali yekha. Pambuyo pake panali mwamuna wamtali, wachinyamata, atavala jekete la bulawuni ndi nsapato zakuda zolemera, zonyezimira.

"Mayi Hara, lero mbedza yanga yakola nsomba yaikulu!" anafuula Matthews. "Awa ndi a Feston Kachingwe, apolisi atsopano pa Boma pano. Ndawapeza ku tchalitchi atakhala okha kumbuyo, ndati ayi, tiyeni kwa a Hara mukamwe tiyi wa Akhristu."

Zimene Ethel anakonza kunong'oneza Matthews sizikanathekanso. Anaomba m'manja pang'ono, nati, "Takulandirani," koma maso ake sanafike pa nkhope ya mlendoyo. Anawasiya akuimika njinga, iye n'kubwerera kukhitchini.

"Mayi a Kingstone," anatero atatseka chitseko, "sindikubisirani. A Kamwendo abwera ndi wapolisi. Ine sindimadziwa, ndikunena pamaso pa Mulungu. Ngati mukufuna kupita, pitani, sindikhumudwa. Ndidzabwera ndine kwanu."

Scholastica anaika mpeni m'mbale. Anayang'ana chitseko cha kuseri nthawi yaitali. Mwana anadzuka, ndipo iye anamugwedeza osatembenuka.

"Abwera kudzatani?"

"Akuti kudzapemphera."

"Inu mukukhulupirira?"

"Sindikudziwa."

Scholastica anapukuta manja pa chitenje. "Ndatopa kuthawa, amayi. Zoti anditengere anatenga kale. Ndikhala, koma lonjezo lanu lija likhalepo."

Pabalaza anthu anali atadzaza m'mipando ndi pamphasa. Feston anakhala pa benchi yaitali, koma kumanja kwake ndi kumanzere kwake kunali malo a anthu awiri awiri, pamene ena anapanikizana kukhoma lina. Nyimbo yoyamba inayenda mozizira. Anthu amene masiku onse ankatsutsana pa mawu a m'Baibulo mpaka tiyi kuzizira, tsiku limenelo ankangoti, "N'zoona," basi. Blackson anakhala pampando wake pafupi ndi zenera, Baibulo lili pamwendo, maso ali pansi.

Atatha kuwerenga, Matthews anatikita manja. "Tsopano nthawi yokoma, ya alendo. A Kachingwe, imani anthu akuoneni."

Feston anaima, chipewa chili m'manja. Ananena kuti kwawo ndi ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, kuti mkazi wake anamusiya kumudzi ali woyembekezera poti nyumba sanampatse, ndiponso kuti Chitumbuka chake chonse ndi "yewo chomene". Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa ulemu, n'kusiya msanga.

"Ndaonanso nkhope ina yachilendo uko kukhomo," anatero Matthews.

Ethel anafulumira. "Awa ndi mlendo wanga, mayi a Kingstone. Ndi amene atidulira mbatata zimene tidye."

"Eya, takulandirani mayi! Taimani tikuoneni bwino. Kwanu n'kuti? Nanga bambo a Kingstone mwawasiya kuti? Amagwira ntchito yanji? Kuno sitilola amayi kubwera okha, Lamlungu likubwerali muwakoke."

Matthews sankadziwa chilichonse, ndipo nkhope yake inali yowala ndi chimwemwe. Koma theka la anthu m'nyumbamo linkadziwa. Janeth anayang'ana denga. Mphunzitsi wina anayamba kutsegula masamba a Baibulo mosaona chimene akufuna. Scholastica anagwira mwendo wa mwana wake mwamphamvu mpaka mwanayo anadandaula, ndipo anayamba kudzuka pamphasa. Ethel anaika dzanja pabondo lake kuti akhale.

"A Kamwendo," anatero Blackson.

Onse anatembenuka. Blackson sankayankhula kawirikawiri pa mapemphero.

"Inu alangizi, mafunso anu ngati mwafika m'munda mwa mlimi: mbewu yanji, munadzala liti, feteleza munathira? Muno si m'munda." Anthu anaseka, ndipo ulendo uno kuseka kunali kwenikweni. Blackson anadikira kuti kuthe. "Alendo awiriwa ali m'nyumba mwanga, ndipo ndawalandira ine. Amene akufuna kutiuza za moyo wake adzatiuza yekha, tsiku limene wafuna. Lero angokhala nafe. Tiyeni tipemphere."

Matthews anaseka nawo, akukanda kumutu. "Mwini nyumba wanena, ine ndani? Pepani mayi, pakamwa panga pamathamanga kuposa njinga yanga."

Ethel anayang'ana mwamuna wake. Blackson anali atabweza kale maso pa Baibulo lake.

Pa nthawi ya mapemphero aliyense ananena chosowa chake: wina mwana wodwala, wina mayeso, wina ulendo wa ku Mzuzu. Scholastica sananene kanthu, ndipo palibe amene anamufunsa. Itafika nthawi ya Ethel, anapempherera onse amene ali kutali ndi a m'banja lawo, kuti Mulungu awafunditse kumene ali ndi kuwabweza kwawo ali moyo. Sanatchule dzina. Pambali pake anamva Scholastica akupuma mosweka. Kutsidya, pa benchi ija, kunamveka "Amen" wa mawu aakulu, asanayankhe ena onse.

Tiyi atabwera, nkhani zinayamba pang'onopang'ono. Mayi wina wa ku Mulanje anapempha kunyamula Kingstone, nayamba kumuseweretsa. Ethel anamva mtima wake ukutsika. Koma potembenuka ndi ketulo anaona Feston. Thireyi inali itazungulira nyumba yonse, koma iye analibe kapu. Anakhala chowongoka, chipewa pabondo, akuyang'ana kalendala ya pakhoma ngati muli nkhani yofunika.

Ethel anachita manyazi mpaka kumaso kunatentha. Masana onse anali ataphimba mlendo mmodzi ndi mapiko ake, wina n'kumusiya pamphepo, ndipo amene anayamba kumuzizirira pageti anali iye mwini. Anatenga beseni ndi jagi, nakagwada patsogolo pake.

"Sambani, bambo Kachingwe. Mutikhululukire, takuchedwetsani."

"Musavutike, amayi, ndinazolowera," anatero Feston akusamba. "Ndikalowa m'sitolo, nkhani zimatha. Ndikakhala pa benchi, benchi imakula."

"Amayi kunyumba akuyembekezera liti?"

Feston anamuyang'ana modabwa, kenaka nkhope yake inafewa. "Mwezi wamawa. Ndi woyamba. Amayi anga akuti akhala wamwamuna, koma iwo amatero ndi mimba iliyonse ya m'mudzi." Analandira kapu ndi manja awiri. "Chibwerereni ku Mzimba, nyumba ino ndi yoyamba imene ndalowamo popanda wina kufunsa kuti walakwa ndani."

Ethel anamuikira mbatata m'mbale, nakhala pamphasa pafupi ndi benchiyo mpaka anamaliza kumwa.

Anthu atayamba kubalalika, Ethel anaperekeza Scholastica mpaka pa mtengo wa mango wa kumphambano. Blackson anatuluka ndi Feston. Atafika pageti, Feston anaima.

"Bambo Hara, mayi aja ndimawaona kumsika. Ndikuwadziwa."

Blackson anaimanso, dzanja lili pageti.

"Ine ndinabwera kudzapemphera," anatero Feston. "Sindingakukakamizeni kukhulupirira zimenezo. Ndingofunsa: Lamlungu likubwerali ndibwere, kapena ndikuonongerani mapemphero? Mukati ndisabwere, sindidzakusungirani kanthu."

Blackson anayang'ana nsapato zakuda zija, kenaka nkhope ya mnyamatayo. Sanapeze chilichonse chomuthandiza kudziwa zoona.

"Bwerani," anatero.

Pakati pa sabata Matthews anafika kwa a Hara ataweruka ku ntchito. Sanalize belu la njinga. Anakhala pakhonde, nakana tiyi.

"Janeth wandiuza zonse," anatero. "Ndachita manyazi, a Hara. Ndikanadziwa sindikanafunsa zija. Koma tsopano pali vuto. Anthu akuti sabweranso kuno. Ena akuopa mayi aja, ena akuopa wapolisi, ena akuopa onse awiri kukhala m'nyumba imodzi. Akuti tisamukire kwa Janeth mwakachetechete, alendowo osawauza. Zikazizira tidzabwerera."

"Inu mukuti bwanji?" anafunsa Blackson.

"Ine ndili ndi ana asukulu, a Hara. Komanso wapolisiyo ndinabwera naye ndine. Sindikugona."

Matthews atapita, Blackson anakhala pakhondepo mpaka Ethel anabwera kudzakhala pambali pake, akusankha nyemba m'lichero.

"NyaShaba, mnyamata uja ndi woona?"

"Sindikudziwa, bambo a Dyness."

"Inenso sindikudziwa. Mwina anatumidwa. Mwina ndi mwana chabe wosowa anzake." Anapukusa mutu. "Lamlungu lija ndinayankhula ndisanaganize. Ndinangoona mayi aja akudzuka pamphasa ngati munthu woitanidwa pa mlandu, m'nyumba mwanga."

"Mukunong'oneza bondo?"

"Ndikuopa. Kumeneko n'kosiyana." Anayang'ana kugeti. "Amene akufuna kupita kwa Janeth apite, sindiwada. Koma inu munauza munthu kuti abwerenso, inenso ndinauza munthu kuti abwerenso. Akafika apeze ife."

Lamlungu lotsatira kunazizira kuyambira m'mawa, mphepo ikuchokera ku mapiri a Viphya. Anabwera mayi wa ku Mulanje uja ndi mphunzitsi mmodzi wokalamba amene anali pafupi kupuma ntchito. Anabwera Feston. Anabwera Scholastica. Nyimbo yoyamba ili pakati, Matthews analowa mwakachetechete, nakhala pafupi ndi Feston, mapewa awo kugundana. Ena onse sanaoneke.

Scholastica anayang'ana mipando yopanda anthu, nanong'oneza Ethel, "Anzanu athawa chifukwa cha ine."

"Aliyense wathawa mantha ake," anatero Ethel. "Inu imbani."

Itafika nthawi yonena zosowa, Matthews anafunsa ndi mawu otsika, osayang'ana munthu. Mphunzitsi ananena za maso ake. Feston ananena za mkazi wake. Kenaka panakhala bata, ndipo Matthews anali pafupi kunena kuti atseke maso pamene Scholastica anayankhula.

"Mundipempherere bambo a Kingstone." Mawu ake anali osanjenjemera, ndipo ankayang'ana pamphasa. "Dzina lawo ndi Yona Mvula. Sindikudziwa kumene ali. Kunja kwayamba kuzizira, ndipo tsiku limene anawatenga anali ndi malaya okha. Juzi lawo lili ndi ine."

Palibe amene anasuntha. Zenera la kumsewu linali lotsegula, ndipo kunja kunkadutsa anthu ochokera kumpira. Feston anaweramitsa mutu mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda mawondo.

Amene anapemphera anali Blackson. Sanakweze mawu, komanso sananong'one. Anatchula Yona Mvula ndi dzina lake lonse, napempha kuti kumene ali apeze chofunda ndi munthu womuchitira chifundo, ndi kuti ana ake adzamuonenso. Anapempherera mkazi wa Feston ndi mwana amene anali m'njira, maso a mphunzitsi, ndi abale amene anasonkhana kwa Janeth. Onse anati amen, ndipo Ethel sanathe kusiyanitsa mawu a wina ndi a mnzake.

Lolemba m'mawa kunacha ndi dzuwa, mphepo itasiya. Blackson anasamba, anamwa tiyi, navala jekete lake la ku ofesi. Atafika pakhomo anaima, nabwerera kuchipinda. Potuluka anali atavala juzi lochindikala pansi pa jeketelo, chinthu chimene sankachita ngakhale m'mwezi wozizira kwambiri.

Ethel anaona, nakumbukira juzi la Yona lija, koma sanafunse. Anamukonzera kolala, namuperekeza mpaka pageti, ndipo anaima pomwepo kufikira mwamuna wake anakhota pa njira ya ku maofesi.